Tihu wachikale kapena wosemedwa mwamakono?

Ahopi, mtundu wa anthu a ku Arizona m'dziko la America, amasema zidole za akatsina (mizimu ya m'chipembedzo chawo), zotchedwa tihu, kuchokera ku muzu wouma wa mtengo wa cottonwood. Masemedwe ake alipo awiri.

Tihu wachikale ndi wosavuta: thupi lowongoka, manja ogwira pamimba, wopakidwa dothi loyera kenako utoto wa miyala ndi zomera, nthenga zili kumutu. Ameneyu ndiye ovina oimira akatsina amapatsa ana aakazi pa mwambo wa Powamuya mu February ndi wa Niman mu July. Amamupachika pakhoma kuti mwana azimuona tsiku ndi tsiku, adziwe nkhope ya mzimu uliwonse wobweretsa mvula. Khanda limalandira wophwatalala, kathabwa chabe kojambulidwa nkhope. Ine mtima wanga uli pa ameneyu, chifukwa amakalamba m'manja mwa mwana, utoto nkumasuluka.

Wamakono amasemedwera ogula. Amaima pa tsinde, mwendo m'mwamba ngati akuvina, minofu ndi zala zikuoneka bwinobwino. Ngakhale nthenga zimasemedwa pamtengo pomwepo, nkupakidwa penti ya acrylic. Luso lake ndi logometsa, ndipo limadyetsa mabanja. Wosema amalemba dzina lake pansi pa tsindelo.