Prolact+ H2MF: chowonjezera chamtengo wapatali cha ana obadwa masiku asanakwane

Mwana wobadwa wolemera magalamu osapitirira 1,250 amafunika mapuloteni, kashiamu ndi fosiforasi (michere yolimbitsa mafupa) wochuluka kuposa wopezeka mu mkaka wa mayi ake, n'chifukwa chake madokotala amathiramo chowonjezera. Zowonjezera zambiri zimachokera ku mkaka wa ng'ombe, koma Prolact+ H2MF, chopangidwa ndi kampani ya Prolacta Bioscience ya ku California, n'chochokera ku mkaka wa amayi omwe amayezedwa kaye matenda.

Chimafika kuchipatala chili chowundana ngati ayezi, ndipo namwino amachisungunula pang'onopang'ono, n'kuchisakaniza ndi mkaka wa mayi, kenako n'kumwetsa khandalo kudzera m'kachubu kolowera pamphuno kapena pakamwa.

Kafukufuku wa mu 2010, yemwe kampaniyo inathandiza ndi ndalama, anasonyeza kuti NEC, matenda owola matumbo, anachepa mwa ana omwe ankapatsidwa chowonjezerachi. Komabe kafukufuku wa ku Sweden, pomwe ana onse ankamwa mkaka wa anthu ndipo chosiyana chinali chowonjezera chokha, sanapeze kusiyana kwenikweni. Poti mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndikuona kuti chipatala cha ndalama zochepa chingapindule koposa pothandiza amayi kufinya ndi kusunga mkaka wawo.