Mbozi za m'chimanga: kupopera mankhwala kapena kuzisaka ndi manja?

Mbozi zowononga chimanga zija zotchedwa fall armyworm pa Chingerezi, zomwe kwawo ndi ku America, zinafika m'Zambia chakumapeto kwa 2016, ndipo alimi a ku Chongwe, ku Chilanga ngakhalenso a timinda ta kuseri kwa nyumba muno mu Lusaka akulimbana nazobe.

Mankhwala amagwira msanga, ndipo pa munda wa mahekitala angapo n'kovuta kuwapewa. Koma amathandiza mbozi zikadali zing'onozing'ono. Zikakula zimabisala mkati mwa nsonga ya chimanga n'kudzikwirira ndi ndowe zake, mankhwala osafikako bwino. N'chifukwa chake alangizi amati poperani m'mamawa kapena madzulo, molunjika munsongamo. Mukamabwereza mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka, mbozi zimawazolowera. Amaphanso nyerere ndi mavu, tizilombo tomwe timadya mbozizo. Chimandiwawa kwambiri n'kuona munthu akupopera wopanda chophimba kumphuno, mwana ali pambali pake.

Njira ya manja ndi yotopetsa, tisabise. Mumayendera munda kawiri pa sabata, kutembenuza masamba, kuphwanya mazira ndi kutola mbozi. Ena amathira phulusa kapena mchenga munsonga. Ndalama simutulutsa.

Pa dimba laling'ono ine ndimasankha manja. Mwini munda waukulu, asanagule botolo, atenge phesi lodyedwa akaonetse mlangizi wa m'dera lake, kapena akafunse ku ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, ku Mount Makulu, ngakhalenso kusukulu ya zaulimi ya UNZA, chifukwa mbozi ina yotchedwa kapuchi nayonso imaboola chimanga ndipo ambiri amasokoneza ziwirizi.