Optimod-FM 5500i itagwira ntchito miyezi ingapo: mlingo wa mawu ukadali pomwepo

Pulosesa iyi ya kampani ya Orban, makina owongolera mawu asanaulutsidwe, yadutsa dzinja lonse ndi nyengo yotentha pa siteshoni yaing'ono ya FM, ndipo mlingo womwe unatcheredwa poyamba sunasunthe. Mawu akasokonekera, vuto lakhala likupezeka kumikisa, kuchingwe kapena ku exciter, gawo la transimita lomwe limaika mawu pa mafunde a FM.

Malire a FM ndi deviation (kusuntha kwa frikwensi ya siteshoni chifukwa cha mawu) ya 75 kHz, ndiye 100% imeneyo. M'menemo pilot ya 19 kHz, toni yodziwitsa wailesi kuti pali stereo, imatenga 9%, yomwe ndi 6.75 kHz, RDS ya 57 kHz, yonyamula dzina la siteshoni loonekera pa wailesi, nayo imadyako 2 kapena 3 kHz. Pre-emphasis, kukweza mawu osongoka asanaulutsidwe, kuno ku Malawi ndi 50 µs. Makina akaunjika ochokera ku America amafika ali pa 75 µs, ndipo mukaiwala kusintha, "s" aliyense wa wowulutsa mawu amalasa khutu.

Potchera, yambani ndi kotulukira. Yatsani toni ya 400 Hz ya m'pulosesa momwemo, toni ndi pilot pamodzi zikwane 100%, kenako kwezani kapena tsitsani composite (siginolo yophatikiza mawu, pilot ndi RDS yopita ku exciter) mpaka choyezera chiwerenge 75 kHz. Timasankha 400 Hz chifukwa pre-emphasis siikhudza kwenikweni. Choyezera ngati DEVA Band Scanner 2 chilandire RF, mafunde a wailesi, kuchokera potulukira poyezera (sample port) pa transimita kudzera mu attenuator yochepetsa mphamvu yake. Mukayezera pa eriyo, mafunde obwerera kuchokera kumapiri ndi kumalata amakweza nambala, inu n'kutsitsa mawu pachabe. Mukatha apo bwerani kolowera: seweretsani nyimbo mikisa ili pa 0 VU, +4 dBu, musinthe reference, mlingo wa mawu olowa, mpaka AGC, gawo lokweza ndi kutsitsa mawu lokha, izitsitsa pafupifupi 10 dB.

Chomwe chasokoneza kwambiri ndi kusintha exciter, monga zimachitikira mphenzi ikawomba n'kuikapo yapadera. Exciter iliyonse imafuna voteji yakeyake kuti ifike 75 kHz, choncho nambala yakale ya composite ilibenso ntchito. Onaninso impedance, kukana kwa magetsi koyezedwa mu ohm: ngati kotulukira kuli pa 75 ohm ndipo exciter yatsopano nayo yatsekedwa ndi 75 ohm, voteji imagwa ndi theka, 6 dB yathunthu, siteshoni n'kumamveka ngati ili kutsidya. Lowetsani pa MPX, polowera composite pa exciter, ndipo limiter (chodula nsonga za mawu) ndi pre-emphasis za exciter zikhale zozimitsa. Zikagwira kawiri mawu amathetheka.

Mita ya kutsogolo kwa exciter musaikhulupirire kwambiri, zambiri zimachedwa ndipo nsonga za mawu zimadutsa osaoneka. Njira yotsimikizira ndi ya Bessel: transimita ili pa dummy load, chipangizo chomeza mphamvu m'malo mwa eriyo, pilot ndi RDS zozimitsa, lowetsani toni ya 31.185 kHz pa MPX, muzikweza pang'onopang'ono mpaka carrier, funde lapakati la siteshoni, itazimirira koyamba pa spectrum analyser, makina oonetsa mafunde. Pamenepo deviation ndi 75 kHz ndendende, poti 75 kugawa ndi 2.405, nambala ya Bessel yozimirira carrier koyamba, imapereka toni imeneyo. Zomwe mita ikuonetsa panthawiyo zilembeni.

Owulutsa mawu okonda kukankhira fader kofiira sangapyoletse 75 kHz, pulosesa imagwira ndithu. Koma mawu ophwanyikira mumikisa siingawakonze, imangowakweza ali ophwanyika. Pa mapulogalamu oimba foni izi zimamveka kwambiri.

Malo oika pulosesa nawo ndi nkhani. Ikakhala kusitudiyo, mawu n'kupita kuphiri komwe kuli transimita kudzera pa intaneti mu MP3, nsonga zomwe inadula zimameranso, ndipo mumakakamizika kutsitsa mlingo wonse kuti musalowerere siteshoni yoyandikana nayo n'kuyamba kuyankha mafunso a MACRA, bungwe loyang'anira za mawailesi. Ikhale pafupi ndi exciter, chingwe cha BNC chikhale chachifupi. Kumeneko fumbi ndi kuthimathima kwa magetsi n'zosapeweka, ndiye UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) ndi kupukuta rack, shelefu ya makinawo, mwezi ndi mwezi musazinyalanyaze.

Nambala zonse, composite, pilot, RDS ndi reference, zilembedwe papepala lomata pa rack, pulosesayo itsekedwe ndi passcode. Yezaninso deviation nthawi iliyonse mwasintha exciter kapena chingwe, komanso mvula yoyamba isanagwe.