Gurué kapena Mulanje: tikapumire kuti Tete akatentha?

November akafika kuno ku Tete, kutentha n'kupitirira madigiri 40, ana n'kumagona pabwalo, mtima umalakalaka kumapiri. Anzanga a kuntchito akhala akundifunsa kuti pa tchuthi cha ana cha December apite ku Gurué kapena ku Mulanje. Konseko ndinafikako, ndiye ndinene zimene ndinaona.

Nkhani yagona pa msewu. Gurué ndi kwathu konkuno ku Mozambique, m'chigawo cha Zambézia, koma njira yachidule yochokera ku Tete imadutsa m'Malawi: Moatize, Zóbuè, Mwanza, Blantyre, Thyolo, Mulanje, n'kutulukira pa Muloza kulowa Milange. Ndiye kuti wopita ku Gurué amadutsa m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Mulanje, kutsogolo kudakali mtunda. Ife tinalowera njira ya ku Molumbo mvula itayamba kale, ndipo chapa chathu (minibasi) chinatitimira m'matope kawiri, amuna tonse kutsika n'kumakankha, amayi atakumbatira ana m'kati. Opanda pasipoti ayenera kuzungulira ku Caia ndi Mocuba, ulendo wodya masiku awiri.

Ku Mulanje mukalawira m'mawa, madzulo mwafika. Mukangopitirira Limbe kulowa Thyolo, minda ya tiyi imayamba, yobiriwira ngati mwaiyala ndi manja. Esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo ndipo mumalawa tiyi wa mitundumitundu. Ku Mulanje tiyi anayamba kudzalidwa mu 1891. Pa Likhubula pali anyamata operekeza alendo, ndipo ngakhale mwana wa sukulu amakwanitsa kuyenda mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake ndi ozizira moti mwana wanga wamkazi, wozolowera madzi ofunda a mu Zambezi, anangoviika phazi n'kukuwa, kenaka n'kukana kuchokapo. Pamwamba penipeni, pa Sapitwa, ndi mamita 3,002, koma nthawi ya mvula musalimbane napo, miyala imaterera ndipo nkhungu imatseka njira mwadzidzidzi. Chinanso, kumeneko mumalankhula Chichewa chathu chomwechi, pogula chinanazi pamsewu simusowa womasulira. Chovuta n'kusintha ndalama kukhala makwacha ndi kudikira pa chipata cha m'malire.

Komabe mtima wanga uli ku Gurué, sindibisa. Tauni imene Apwitikizi ankaitcha Vila Junqueiro yakhala pakati pa mapiri, tiyi ataizinga mbali zonse. Alendo ndi ochepa. M'mamawa mumatuluka wapansi, n'kulowa m'tinjira ta m'minda, mame akunyowetsa thalauzi mpaka m'maondo. Ndinaima nthawi yaitali kuonerera mayi wina akuthyola nsonga zanthete ndi manja onse awiri, n'kumaponya mu dengu la kumsana osacheuka n'komwe. Mafakitale ena akale anangokhala mabwinja chifukwa cha nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo munthu ukawaona umamva chisoni, poganizira mabanja amene ankadyera pamenepo. Kumpoto chakum'mawa kuli phiri la Namuli, mamita 2,419, lachiwiri kutalika m'dziko lathu pambuyo pa Binga. Kwa Alomwe ndi Amakua ndi phiri lopatulika, kumene amati makolo awo anachokera, choncho simungangokwera. Mumayamba mwapempha kwa eni dera, mutanyamula kaufa ndi kashuga. Ndalama ndi metical yathu yomweyi, koma pamsika pamamveka Chilomwe ndi Chipwitikizi.

Ngati muli ndi ana aang'ono ndipo masiku ndi anayi okha, pitani ku Mulanje. Ku Gurué kumafuna sabata yathunthu, galimoto yolimba, ndiponso msewu wouma. Ine ndikufuna kubwererako mu August, ndikafike ku Namuli kumene mvula inandibweza.