PubMed ndayigwiritsa ntchito chaka chonse pofufuza za amayi ochira ndi makanda, nazi zomwe ndaona

Ine ndine mzamba, ndipo chaka chathachi ndakhala ndikulimbana ndi pepala lomalizira digiri, mutu wake ndi kutaya magazi kwa amayi akangochira. Asupavaiza anangondiuza kuti pitani pa PubMed mukaone zomwe ena analemba kale, basi, ngati ndi chinthu chomwe munthu umabadwa ukuchidziwa. Ndiye poti anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kodi imathandizadi kapena ndi yongothera bandulo, ndati ndiyankhe kamodzi pano.

Kwa omwe simukuidziwa, PubMed ndi malo osakira kafukufuku wa zaumoyo pa intaneti, amaiyendetsa ndi a National Library of Medicine ku America ndipo inayamba mu 1996. Ndi yaulere, palibe kulembetsa palibe pasiwedi, ungotsegula pa foni nkulemba chomwe ukufuna, ndipo tsamba lake ndi lopepuka moti ngakhale netiweki ikuvuta limatseguka ndithu. Muli mapepala opitirira 35 miliyoni. Koma apa mumvetse bwino, zomwe zilimo kwenikweni ndi mutu wa pepala, mayina a olemba ndi abstract, kachidule kaja. Pepala lathunthu nthawi zina lilipo nthawi zina mulibe, ndipo izi ndi zomwe zinandizunguza mutu mwezi woyamba.

Poyamba ndinkangolemba mawu momwe andibwerera, zotsatira nkubwera masauzande, zambiri za zipatala za ku Ulaya zomwe zili ndi magazi osungidwa mufiriji nthawi zonse komanso dokotala wa opaleshoni pafupi. Zothandiza inde koma si moyo wathu. Kenako munthu wa ku laibulale anandionetsa MeSH, awa ndi mawu okhazikika omwe amapachika pa pepala lililonse la mu MEDLINE, gawo lalikulu la zomwe zili mu PubMed, kuti lizipezeka ngakhale wolemba anagwiritsa mawu ena. Ukalemba Postpartum Hemorrhage ngati MeSH umapeza zonse zokhudza kutaya magazi, za makanda ndi Infant, Newborn omwe ndi ana a masiku 28 oyamba, ngakhale kangaru, kuja koika mwana wobadwa masiku osakwana pachifuwa cha mayi, ili ndi dzina lakelake. Kungodziwa zimenezi ntchito inachepa ndi theka. Chenjezo limodzi, pali MeSH ya Developing Countries ndipo ine ndinkaganiza kuti ndiye yankho, ayi ndithu, mapepala ambiri a mayiko osauka samapachikidwa dzina limeneli, amangolembedwa ndi dzina la dziko. Bola kulemba mayina a mayiko mmodzimmodzi ndi mawu oti OR (kutanthauza kapena) pakati, ndi zotopetsa koma umakolola zambiri.

Pamene PubMed inandisangalatsa kwambiri ndi pa kafukufuku wamkuluwamkulu. WOMAN trial ndinaipeza mosavuta, inatuluka mu journal ya zachipatala yotchedwa The Lancet mu 2017, amayi opitirira 20,000 m'mayiko 21, ndipo inaonetsa kuti tranexamic acid amachepetsa imfa za kutaya magazi, makamaka ukapereka pasanathe maola atatu chichirireni, apo imfa zinatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa atatu. Mankhwala amene tinkangowaona mu kabati, eti. Kuchokera pamenepo ndinadina pa Similar articles ndi Cited by, zimenezi zimakutsogolera ku mapepala ofanana ndi omwe anatchula pepalalo, mpaka ndinakafika pa E-MOTIVE ya 2023 mu New England Journal of Medicine. Iyi ndinaiwerenga katatu chifukwa ikunena za ife azamba ndendende. Anachita mu zipatala 80 ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, amayi opitirira 200,000. Nkhani yake ndi yoti tikamayeza magazi ndi maso timachepetsa, timati ndi ochepa pomwe mayi wataya kale ambiri, ndiye anaika pulasitiki yokhala ndi mizere yoyezera pansi pa mayi, ndipo magazi akafika pa mzere thandizo lonse limaperekedwa pamodzi, kusisita chiberekero, oxytocin wolimbitsa chiberekero, tranexamic acid, dilipi, kuyang'ana pomwe magazi akuchokera, osati kuyesa chimodzi nkudikira kaye. Kutaya magazi koopsa pamodzi ndi maopaleshoni ndi imfa zobwera chifukwa chake zinatsika ndi 60 peresenti. Ndikuuzani, usiku umenewo sindinagone bwino, ndinkangokumbukira amayi omwe ndinawauza kuti zikhala bwino ndikuyang'ana nsalu ndi maso basi.

Mnzanga amene akulemba za ana obadwa masiku osakwana naye anapezamo kafukufuku wa kangaru wa 2021, wochitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, woonetsa kuti kumuika mwana wa pakati pa 1 kg ndi 1.8 kg pachifuwa cha mayi nthawi yomweyo osadikira kuti akhazikike kaye kunachepetsa imfa ndi 25 peresenti. Zoterezi PubMed siimakubisira.

Tsopano vuto la abstract lija. Ndipereke chitsanzo chomwe chinanditsegula maso. Jakisoni wa dexamethasone amene timabaya mayi woti achira masiku osakwana kuti mapapo a mwana akhwime, ukawerenga kachidule ka ACT trial ya 2015 uona kuti imfa za makanda zinakwera m'malo omwe anakulitsa kuperekako, ukhoza kuthawa mankhwalawo kotheratu. Ukawerenga ka ACTION trial ya WHO ya 2020, yomwe inachitika mu zipatala 29 ku Bangladesh, India, Kenya, Nigeria ndi Pakistan, uona kuti imfa zinatsika. Ndiye woona ndi uti? Yankho lili mkati mwa mapepala athunthu, koyambako miyezi ya mimba sinkadziwika bwino moti amayi ambiri omwe anabayidwa anakachira masiku atakwana kale, pomwe kwachiwiriko anatsimikiza ndi sikani ndipo zipatala zinali ndi chisamaliro cha makanda. Munthu wongodalira kachidule zimenezi sangazigwire, ndipo PubMed imakupatsa chilakolako chongowerenga timachidule makumi awiri nkudzimva kuti wadziwa.

Kupeza pepala lathunthu pali njira. Kumanzere kuli fyuluta ya Free full text, ndipo ambiri ali mu PubMed Central yomwe ndi nkhokwe yaulere kuyambira mu 2000. Ena ukadina umakafika pa tsamba la osindikiza akufuna ndalama za pepala limodzi, ndipo zimawawa kuona kuti kafukufuku wochitikira pa amayi osauka ukufunika kumugula. Apa ndi pomwe Hinari imalowera, pulogalamu yomwe WHO inayambitsa mu 2002 pamodzi ndi osindikiza, pano ili pansi pa Research4Life, masukulu ndi zipatala za m'mayiko osauka kwambiri amalowa mwaulere bola bungwelo lilembetse. Funsani ku laibulale kwanu, anthu ambiri sadziwa kuti sukulu yawo inalembetsa kalekale.

Chomwe chandikhumudwitsa kwenikweni si ndalama ayi, ndi zomwe mulibemo. Mu 2020 amayi pafupifupi 287,000 anamwalira ndi zovuta za mimba ndi kuchira pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 70 peresenti anali a kummwera kwa chipululu cha Sahara, makanda omwalira mwezi woyamba anali 2.3 miliyoni mu 2022. Ungayembekeze kuti zolembedwa zichuluka kuchokera komwe maliro achuluka, koma MEDLINE imatenga ma journal osankhidwa pafupifupi 5,200 ndipo ambiri ang'onoang'ono a ku Africa mulibe. Mapepala a digiri omwe azamba ndi manesi amalemba chaka ndi chaka mulibe, malipoti ounika imfa za amayi mulibe, a maunduna mulibe. Ndinayenera kupita pa African Journals Online kuti ndipeze zolemba za zipatala zazing'ono, zija zonena kuti oxytocin anali atakhalitsa pa kutentha, ambulansi inachedwa, usiku kunali mzamba mmodzi pa amayi asanu. Ndipo ukayang'ana mayina pa mapepala ambiri okhudza mayiko athu, woyamba ndi womaliza, omwe ndi maudindo aulemu, kawirikawiri ndi a ku London kapena Baltimore, eni dziko ali pakati penipeni. Si mlandu wa PubMed kwenikweni, iyo imangoonetsa momwe zinthu zilili, koma wophunzira watsopano akhoza kuganiza kuti zomwe sizinatuluke pa sikirini ndiye kuti palibe anazifufuza.

China, pafupifupi zonse ndi Chingerezi cholimba cha madokotala, ngakhale zolembedwa mu Chifalansa zochokera ku mayiko ngati Niger ndi Chad komwe imfa za amayi ndi zambiri sizimapezeka mochuluka.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, ndipo kwa aliyense woyamba kulemba za uchembere ndinganene kuti yambirani pomwepo, koma tsiku loyambalo khalani ndi munthu wodziwa MeSH. Tsegulaninso akaunti ya My NCBI, yomwe ndi akaunti yanu ya pa PubMed, mukhoza kulowa ndi ya Google, musunge sachi yanu kuti izikutumizirani imelo pakatuluka pepala latsopano. Ine yanga imabwera Lolemba lililonse, ndipo ndikudikirabe tsiku lomwe idzabweretse pepala lonena zomwe zimachitika pulasitiki zoyezera zija zikatha mu sitolo ya chipatala, chifukwa chaputala changa chachinayi chaima pomwepo.