Makina opukusa odulira fodya: ndemanga yanga nditawatsuka ndi kuwasamala kwa zaka ziwiri

Makina amene ndikuwafotokoza pano anachokera ku Johannesburg m'chikwama cha mlamu wanga, ndipo tsopano atha zaka ziwiri akugwira ntchito pakhonde la bambo anga kumudzi kwathu ku Kasungu. Ndi aang'ono, opukusa ndi dzanja, ndipo amamangiriridwa m'mphepete mwa tebulo ndi chomangira cha bawuti. Dzina la kampani sindilitchula, chifukwa makina a mtundu umenewu amagulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana pomwe kapangidwe kake n'kofanana, choncho zimene ndaona pa athuwa zingathandizenso munthu amene ali ndi ena a dzina lina.

Bambo akhala akulima fodya wa bale kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima mtundu umenewu, womwe kale unali wa eni maesiteti okha. Mabelo awo amapita kumsika wa Chinkhoma, koma chaka chilichonse amasiyako masamba owerengeka oti azipichirira chingambwe chawo. Kale ankadula masambawo ndi mpeni pathabwa, kufikira tsiku lina pamene anadzicheka chala chifukwa maso awo ayamba kufooka, ndipo n'chifukwa chake tinaganiza zowagulira makina. Ine sindisuta, ndipo ndawachonderera kangapo kuti asiye, pakuti fodya wa kumunda kwawo amawononga mapapo chimodzimodzi ndi ndudu za m'sitolo, ndipo kudula bwino tsamba sikuchotsa poizoni wake. Komabe popeza ndine amene ndimawatsukira makinawa ndikapita kumudzi, ndipo ndaphunzitsa mdzukulu wawo wamkulu kuchita zomwezo ine kulibe, ndaona kuti ndilembe zimene ndapeza.

Pa kadulidwe ndilibe dandaulo. Mkati muli zitsulo ziwiri zobulungira zokhala ndi mizere yakuthwa yolowana, ndipo munthu akapukusa chogwirira, zitsulozo zimakoka tsamba n'kulitulutsa mbali inayo lili timizere topyapyala, tosafika milimita imodzi m'lifupi. Ntchito imene bambo ankaigwira m'mawa wonse ndi mpeni tsopano imatha madzi a tiyi asanawire. Timizereto timatuluka tofanana, ndipo zala zimakhala kutali ndi podulira ngati munthu akulowetsa tsamba modekha. Vuto limayambira pa kutsuka, ndipo opanga sananenepo kanthu kothandiza pa kapepala kamene kanali m'bokosi, kupatula chithunzi cha mmene makinawo amamangiridwira patebulo.

Aliyense amene anathyolapo fodya m'munda kapena kusoka masamba kuchigafa amadziwa phula lakuda limene limakanirira m'manja ndi m'zovala. Phula lomwelo silichokeratu tsamba likauma, ndipo pamene tsamba likufinyika pakati pa zitsulo, phulalo limatsalira m'mizere, n'kusakanikirana ndi fumbi la fodya mpaka kukhala ngati thope louma. Masiku oyambirira sitinadziwe zimenezi. Patatha milungu itatu chogwirira chinayamba kulimba, fodya anayamba kutuluka wotafunidwa m'malo moduka, ndipo bambo, poganiza kuti mipeni yabuntha, anayamba kupukusa mwamphamvu. Nditafika n'kuunika ndi tochi ya foni, ndinapeza kuti mizere yonse yadzaza mpaka pamwamba, moti zitsulo zija zinkaoneka zosalala ngati mpini wa khasu. Mipeni inali yakuthwa ndithu, kungoti inalibe polowera.

Kuchuluka kwa phulali kumadalira mtundu wa fodya. Bale, amene amauma ndi mphepo m'chigafa, ali ndi shuga wochepa kwambiri, ndipo amamata pang'ono koma amatulutsa fumbi lambiri. Fodya wowotcha m'mabani, uja wachikasu, ali ndi shuga wambiri, ndipo tsiku limene mnzawo wa bambo anabwera ndi masamba a mtundu umenewu kudzabwereka makina, ndinatha nthawi yowirikiza kawiri ndikukolopa zitsulo. Chikopa, chomwe chimaumitsidwa ndi utsi, chimasiya phula lakuda kwambiri ndi fungo lomwe limalowerera mu fodya aliyense wodulidwa pambuyo pake ngati makina sanatsukidwe.

Kuposa mtundu wa fodya, chinyezi cha tsamba ndicho chimalamula zonse. Mlimi aliyense amadziwa kuti fodya amasankhidwa m'mamawa kapena kunja kukachita mitambo, pamene tsamba lafewa ndipo silikuthetheka, ndipo nzeru yomweyo imagwiranso ntchito pa makinawa. Tsamba loyenera ndi lija limene ukalifumbata m'dzanja n'kulisiya limadzitambasula lokha pang'onopang'ono popanda kusweka. Likakhala lonyowa kwambiri, monga zimachitikira mu February mvula ikamagwa mosalekeza, limakulungika pazitsulo n'kutseka makina onse, ndipo likauma kwambiri, monga m'chilimwe cha October, limangosanduka fumbi lomwe limalowa m'magiya. M'nyengo yotentha timawaza timadzi pang'ono pamasamba madzulo n'kuwakulunga m'nsalu yoyera kuti afewe usiku wonse. Sitifewetsa ochuluka kuposa amene adulidwe mawa lake, chifukwa fodya wonyowa akakhalitsa amachita chuku, ndipo wachuku ndi wotaya basi.

Mtsempha wapakati pa tsamba uyenera kuchotsedwa usanalowe m'makina, ndipo pa mfundo imeneyi ndimakhala wouma mtima ngakhale kwa bambo anga omwe. Kuseri kwa zitsulo zodulira kuli timano tachitsulo tokhala ngati chipeso, tomwe ntchito yake ndi kupala mizere kuti fodya woduka asazungulire limodzi ndi chitsulo. Zipeso zimenezi ndizo malo ofooka a makina onse. Opanga anagwiritsa ntchito chitsulo chopyapyala kwambiri, moti mtsempha umodzi wouma unapinda mano atatu, ndipo kuyambira tsiku limenelo fodya ankaunjikana pamalo omwewo nthawi iliyonse. Ndinawawongola ndi kapulayala kakang'ono, dzino limodzilimodzi, ndikupuma pang'onopang'ono poopa kuthyola, ndipo ngakhale anabwerera m'malo mwake, limodzi mwa manowo limakhulabe chitsulo n'kumalira. Zipeso zosinthira sindinazipeze m'masitolo a zitsulo amene ndinafunsa ku Kasungu ndi ku Lilongwe, ndipo ili ndilo dandaulo langa lalikulu, chifukwa kachitsulo kotchipa kotere kakathyoka, makina onse aima. Mchenga nawonso ndi mdani, makamaka pa masamba a m'munsi mwa tsinde amene mvula imawathira dothi, choncho timawakuntha bwinobwino tisanadule. Tizingwe tosokera fodya, nthenga za nkhuku ndi timapulasitiki, zomwe ogula kumsika amabwezera nazo mabelo, n'zimene zimatsekanso makina.

Katsukidwe kamene ndakhazikika nako ndinakapeza mwa kulakwitsa. Fodya akangotha kudulidwa, tsiku lomwelo phula lisanalimbe, ndimapukusa chogwirira chobwerera m'mbuyo ndikusesa mizere ndi mswachi wakale wouma, kenaka ndimatokosa pansi pa zipeso ndi kamtengo kosongola kansungwi. Msomali kapena waya sindilola, chifukwa chitsulo chikakumana ndi chitsulo chimakanda m'mphepete modulira, ndipo pokandikapo m'pamene phula limagwira msanga. Zikatero ndimaviika mswachi mu sipiriti n'kukhula mizere uku ndikupukusa pang'onopang'ono, ndipo phula lija limasungunuka n'kuyenderera lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pomaliza ndimadutsitsa pepala loyera lopanda inki, lopindidwa kawiri, mobwerezabwereza mpaka litatuluka lopanda banga. Ntchito yonseyi ikachitika tsiku lomwelo siidya nthawi, koma ikadikira mlungu wathunthu imafuna kumasula makina onse.

Pa nkhani ya sipiriti ndiyenera kuchenjeza. Wabwino ndi uja woyera wogulitsidwa m'mafamase. Sipiriti wapepo wa m'magolosale amasungunulanso phula, koma anathiridwa utoto ndi mankhwala oletsa anthu kumwa, choncho amene alibe wina ayenera kupukuta bwino ndi kusiya makina pamphepo mpaka fungo litatheratu asanalowetsemo tsamba. Sipiriti aliyense amayaka msanga, ndipo ndimaonetsetsa kuti bambo azimitsa ndudu yawo ndiponso kuti mbaula ili kutali ndisanatsegule botolo. Parafini, petulo ndi dizilo, zomwe amakaniko amatsukira zitsulo za njinga, siziyenera kuyandikira makina amenewa, chifukwa zimasiya mafuta ndi fungo m'mizere, ndipo zonsezo zimakathera m'chifuwa cha wosuta.

Madzi ndiwo anatipweteka kwambiri chaka choyamba. Mdzukulu uja, pofuna kuthandiza, anatsuka makina ndi madzi a sopo monga amatsukira mbale, n'kuwaika pathandala kuti aume. Kunja anauma, koma pakati pa mizere ndi m'mabowo mozungulira zitsulo munatsalira chinyezi, ndipo patangopita masiku awiri dzimbiri linali litayamba. Chimake chakunja sichinachite kanthu, koma zitsulo zodulira, zomwe wogulitsa anauza mlamu wanga kuti sizichita dzimbiri, zinachita madontho ofiira ponseponse. Ndinalichotsa ndi bulashi ya mano ofewa a mkuwa ndi sipiriti, koma timaenje ting'onoting'ono tinatsala, ndipo mpaka lero m'pamene phula limayambira kuunjikana. Mwanayo sindinamukalipire, chifukwa palibe amene anamuuza, ndipo kapepala ka opanga kakanangokhala ndi chiganizo chimodzi choletsa madzi, zimenezi sizikanachitika.

Mafuta amafunika, koma ochepa ndiponso pamalo ake. Magiya awiri amene ali kumbali ya chogwirira ndimawapaka girisi wochepa kwambiri, wongokwana pansonga ya kamtengo ka machesi, ndipo m'mabowo mozungulira zitsulo ndimadonthezamo dontho limodzi mbali iliyonse, n'kupukuta otsala onse kuti asayenderere kukafika podulira. Pazitsulo zodulira zenizenizo sindipakapo oyilo wa galimoto ngakhale pang'ono. Mafuta ophikira tinawayesapo, poganiza kuti chodyedwa sichingavulaze munthu, koma patapita milungu ingapo anawola n'kumata kuposa phula lomwe. Pamene makina akukasungidwa kwa miyezi, ndimapaka zitsulozo mafuta oyera opanda fungo a ku famase aja amene anthu amamwa akadzimbidwa, kenaka ndimawakulunga m'nsalu youma n'kuwaika m'chitini chotseka bwino, kutali ndi pansi pomwe pamachita chinyontho nthawi ya dzinja. Powatulutsa ndimayamba ndawapukuta ndi sipiriti ndi kudutsitsa pepala.

Kumasula makina onse ndimachita kawiri pachaka, ndipo apa opanga ndiwayamikire pang'ono, chifukwa mabawuti ake ndi wamba, omasuka ndi sipanala yaing'ono ya njinga. Chovuta ndi kubwezeretsa. Zitsulo ziwiri zija ziyenera kulowana mzere ndi mzere, ndipo pali timawashala topyapyala tomwe tikasinthana malo, mipeni imakhulana kapena kusiya mpata woti tsamba lidutse losaduka. Ulendo woyamba ndinasokoneza timawashalato ndipo ndinakhala pamphasa mpaka dzuwa kupendeka ndikuyesa uku ndi uku. Tsopano ndimajambula ndi foni chilichonse ndisanachichotse, ndipo ndimayala zidutswa panyuzipepala motsatana ndi mmene zatulukira. Mabawuti ndimamanga mosinthanasinthana mbali zonse, pang'onopang'ono, ndikuyesa chogwirira, chifukwa kumangitsa mbali imodzi kumapendeketsa zitsulo.

Bambo anafunapo kupita nawo kwa mmisiri wonola mipeni ndi nkhwangwa pamsika, koma ndinawaletsa. Mipeni ya makinawa siidula ngati chikwanje, imadula ngati sizasi, pokumana m'mphepete mwa mizere iwiri, ndipo tupa kapena mwala wonolera ukadya m'mbali mwake, mpata umakula ndipo sungabwererenso. Pa zaka ziwirizi, nthawi zonse pamene makina ankaoneka ngati abuntha, vuto linali phula kapena chipeso chopindika.

Wotsuka ayeneranso kudziteteza. Chikonga cha mu fodya chimalowa pakhungu, n'chifukwa chake anthu othyola masamba onyowa ndi mame amamva chizungulire ndi nseru, ndipo phula losungunuka mu sipiriti ndi lamphamvu kwambiri. Tsiku lina nditatsuka ndi manja osavala kanthu ndinamva mutu kuwawa ndi mtima kuthamanga mpaka madzulo, ndipo kuyambira pamenepo ndimavala magolovesi ndi kutsukira panja. Mdzukulu uja ndi wamkulu, wa zaka zopitirira 18, ndipo ana aang'ono sitiwalola kugwira makinawa, ngakhale amakopeka ndi chogwirira chozungulira. Nsanza ndi mapepala opukutira timakwirira m'dzenje la zinyalala kuti ana, nkhuku ndi mbuzi zisazipeze. Fumbi la fodya sititaya m'dimba, chifukwa fodya ndi tomato ndi mbewu za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda a masamba.

Kwa munthu amene akudula fodya wochepa wa pakhomo, ndipo ali wokonzeka kuchotsa mitsempha, kuyesa chinyezi ndi kusesa mizere tsiku lililonse limene wadula, makinawa ndi oyenera ndalama zake, ndipo kwa okalamba amene manja awo ayamba kunjenjemera ndi otetezeka kuposa mpeni. Amene akuganiza zodula wambiri kuti azigulitsa asawagule, chifukwa zipeso zake sizingapirire ntchito yotero, komanso malonda a fodya m'dziko muno ali ndi malamulo ake amene bungwe la Tobacco Commission limayang'anira. Amene akutuma wachibale kuti akamugulire kunja amuuze kuti afunse ngati zitsulo zodulira zimamasuka, ndipo agulirenso zipeso zapadera nthawi yomweyo. Ife tatumiza kale uthenga kwa mlamu uja kuti akamabwera pa Khirisimasi atitengere ziwiri.