Kuphiri kapena ku Chilwa: mlendo wa ku Zomba timutengere kuti?

Aliyense wa ku Zomba akalandira mlendo amathamangira kuphiri. Sitiganizanso n'komwe: mwafika, mwadya, tiyeni ku Ku Chawe. Koma tauni yathuyi ili pakati pa malo awiri osiyana kotheratu, phiri kumtunda ndi nyanja ya Chilwa kummawa, ndipo amene ali ndi Loweruka limodzi lokha ayenera kusankha. Maganizo anga ndi akuti funso loti abwino ndi ati limasocheretsa. Choyamba kufunsa ndi mwezi umene mukuyenda, kenako anthu amene mwawatenga.

Pa kayendedwe phiri lapambana popanda mkangano. Kuchoka m'tauni kukafika pa hotela ya Sunbird Ku Chawe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo msewu wake ndi wa phula ngakhale uli wokhotakhota. Galimoto yaing'ono imakwera, njinga yamoto ya kabaza imakwera, ndipo amene miyendo yawo ikadali yolimba amadzera kanjira ka Potato Path kamene alimi a mbatata ya kachewere ankatsikira ndi katundu wawo kupita kumsika. Kanjirako n'kotsetsereka zedi, musanamizidwe ndi kufupika kwake. Chosamala nacho pamsewu waukuluwo ndi njinga zodzaza nkhuni ndi matabwa zimene zimatsika ngati zilibe mabuleki, komanso malole a mitengo amene amadya msewu wonse pokhota.

Ku Chilwa n'kwina. Doko la Kachulu lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, koma ulendo wake musauyeze ndi makilomita. M'chilimwe mumafika mutayera ndi fumbi, m'dzinja dothi la kudambo limagwira matayala. Galimoto yotsika pansi isiyeni kunyumba. Matola alipo, njinga zamoto ziliponso, koma nyamukani m'mamawa ndipo mtengo wobwerera mugwirizane musanakwere.

Pamwamba pa phiri zoona n'zambiri moti tsiku limodzi silikwana. Pali damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene timamwa m'tauni, mathithi a Mandala ndi a Williams, ndi damu laling'ono la Chagwa. Kutsogoloko kuli malo awiri oonera patali oyandikana: Queen's View, dzina lokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, ndipo a Rasta amapalemekeza mpaka lero. Kukakhala kowala, mutaima pamenepo mumaona tauni yonse pansi, chigwa cha Phalombe, phiri la Mulanje, ndi Chilwa amene tikumunenayu akunyezimira chapatali. Mbali ya kumadzulo kuli dzenje la Chingwe, limene akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu, ena amati adani a mafumu, ena amati akhate. Dzenjelo palokha silidzakudabwitsani, ndi bowo lobisika m'zitsamba basi. Chokoka mtima ndi phompho lili pafupi nalo, loyang'ana kuchigwa cha Shire. Nsonga yaitali kwambiri ndi Malumbe, mamita opitirira pang'ono 2,000.

Komatu dziwani kuti phula limathera pafupi ndi hotela. Misewu yopita ku Emperor's View ndi ku Chingwe ndi yafumbi, yokumbika ndi malole, choncho mufunika galimoto yamphamvu kapena kuyenda wapansi maola angapo. Tengani wokutsogolerani mwa anyamata amene amadikira alendo chapamwambapo. Njira za m'nkhalango ya paini zimafanana, ndipo nkhungu ikatsika simuona ngakhale mtengo uli patsogolo panu.

Tisabisenso kuti phirili lameteka. Amene analiona zaka za m'mbuyomo amadandaula akaona zitsa ndi mapsa pamene panali nkhalango yowirira. Kudula mitengo, kuotcha makala ndi moto wolusa wa chaka ndi chaka zasiya zipsera zooneka ngakhale muli pa depoti. Mitengo yachilengedwe yatsalira m'mbali mwa mitsinje, ndipo ndi mmene muli mthunzi wabwino, mbalame ndi anyani.

Tsono Chilwa. Pano ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ambiri a ife timadya matemba ake koma sitinapondeko.

Ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, koma musapite ndi maganizo a ku Mangochi. Kulibe mchenga woyera wogonapo, kulibe madzi obiriwira osambira. Madzi ake ndi amatope, a mchere pang'ono, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi ina imathira mmenemo koma palibe mtsinje wotulukamo, madzi amangouma ndi dzuwa. N'chifukwa chake mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayi imaphwa. Zinachitika mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2012 ndi 2018 inabwereranso m'mbuyo kwambiri, mabwato n'kutsala pa dothi long'ambika. Mvula ikabwera nsomba zimabwereranso kuchokera m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo mmene zinabisala. David Livingstone anaiona nyanjayi mu 1859, miyezi ingapo asanafike ku nyanja ya Malawi.

Nanga munthu amakaonako chiyani? Amakaona anthu ali pantchito. Pa Kachulu m'mawa pamakhala phokoso la ogula ndi ogulitsa, matemba ali poyanika, makumba ali m'mabeseni, milamba ikuwambidwa pa utsi. Mabwato amadutsa m'tinjira ta pakati pa udzu wa m'madzi, woyendetsa akukankha ndi nsungwi yaitali chifukwa pansi pali pafupi. Mkati mwa nyanja muli zimbowera, tinyumba timene asodzi amamanga pa udzu woyandama n'kumakhalamo masabata, kuphika ndi kugona momwemo. Zoterezi simungazione kwina kulikonse m'boma lino. Mbalame ndiye zosawerengeka: akakowa, atsekwe, abakha a m'madzi, avuwo, zina zochokera kutali kunja kwa Africa. N'zimene zinachititsa kuti Chilwa akhale malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo. Anthu a m'mbali mwa nyanja amasakanso mbalamezi kuti apeze ndiwo, makamaka nsomba zikasowa, ndiye musadabwe kuona zootcha pamsika.

Mukakwera boti pa Kachulu mumawolokera ku chilumba cha Chisi, dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira. Chilumbachi chili ndi mapiri ake, malambe akuluakulu, midzi, minda ndi sukulu. Si malo okonzedwera alendo, ndi kwawo kwa anthu. Mukafika perekani moni mwaulemu, funsani njira ya kwa amfumu ngati mukufuna kuyendayenda, ndipo foni musaitulutse kujambula amayi amene akuchapa kapena asodzi musanapemphe. Boti la onse limanyamuka likadzaza, osati pa ola. Mukafuna lanulanu mulipira zambiri. Onetsetsani ndi maso anu kuti silinadzaze mopyola, funsani za majekete odzitetezera pamadzi, ndipo mphepo ya mwera ikayamba masana musakakamire kuwoloka. Nyanja yosaya imachita mafunde aukali kuposa mmene mungaganizire.

Pa zaumoyo phiri lilinso ndi mwayi. Kumtunda kumazizira, udzudzu ndi wochepa, vuto lalikulu ndi kuterereka pamiyala ya pamathithi. Ku Chilwa tengani madzi akumwa anuanu, musasambe m'nyanja poopa likodzo, ndipo kumbukirani kuti dera limeneli lavutikapo ndi kolera kangapo. Ana aang'ono ine sindingawatengere ku Chisi.

Pa chakudya ndiye zagawikana. M'mbali mwa msewu wa kuphiri anyamata amagulitsa masitiroberi, mabulosi, jamu ndi magalagadeya malinga ndi nyengo, ndipo mtengo woyamba umene akuuzeni ndi wa mzungu, nenererani. Chakudya cha pahotela n'chokwera mtengo, ambiri timanyamula chathu n'kukadyera pafupi ndi damu. Ku Kachulu chakudya n'chotsika mtengo koma musayembekezere pokhala pa mipando ya khushoni: nsima ya mlamba wowamba, tiyi wa m'tiyirumu, basi. Phindu lenileni ndi zimene mubwere nazo kunyumba. Matemba ogula padoko ndi mpunga wa m'masikimu a Likangala ndi Domasi zingabweze ndalama ya ulendo wonse. Kungoti m'miyezi ya mvula makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndiye padoko pamakhala zii.

Apa ndi pamene mwezi umalamula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi phiri limakhala lobiriwira, mathithi ali odzaza, koma misewu ya pamwamba ndi matope ndipo ku Chilwa n'kosayenera kuyesa. Epulo mpaka Julayi ndi nthawi ya Chilwa: madzi ali ambiri, msewu wauma, kutentha kwachepa, mpunga akukolola. Nthawi yomweyo kuphiri chiperoni chikhoza kukubisirani zonse, mukwera mpaka ku Emperor's View n'kukaona nkhungu yokhayokha uku mano akugundana. Okutobala ndi Novembala tauni ikamawotcha, phiri ndiye pothawira, ngakhale utsi wa moto wa tchire umaphimba Mulanje. Ku Chilwa miyezi imeneyo dzuwa limaswa mtengo, madzi atathawira kutali.

Pali njira yachitatu ya amene thumba lapsa kapena ali ndi agogo osatha kukwera. Tauni yeniyeniyi inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhala kuno mpaka 1994. Mukhoza kuyenda wapansi kuona nyumba zakale za boma, kupuma ku Botanical Gardens m'mbali mwa Mulunguzi, kuona chipilala chokumbukira asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) ku Cobbe Barracks, n'kutsirizira mumsika waukulu. Theka la tsiku likwana.

Ndiye ndinganene chonchi. Apongozi abwera kuchokera ku Lilongwe, kapena muli ndi ana, kapena mwangotsala ndi masana okha: pitani kuphiri, simudzachita manyazi. Ophunzira a ku Chanco amene mwakwera kale phirilo mpaka kutopa nalo, sonkheranani ya boti mu Meyi kapena Juni mupite ku Chisi, munyamuke kusanache kuti mukapeze asodzi akufika padoko. Ndipo musananyamuke funsani amayi ogulitsa matemba mumsika wa Zomba kuti madzi ali pati chaka chino ndi kuti msewu ukuyendeka bwanji, iwowo amadziwa za sabata yomweyo.